Kodi a Cossack ankamasula akapolo kapena anali achifwamba?

Bambo wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti anamva zoti a Cossack, gulu la ankhondo odzilamulira okha a ku Ukraine, ankawotcha mizinda ya Aturuki ndi a Tatar m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, ndiye akufunsa: anthuwa anali ngwazi zomasula akapolo kapena achifwamba wamba? Zikomo bambo, funso lanuli landikhudza mtima.

Tiyambe ndi chomwe chinkawaŵaŵa. Chaka ndi chaka a Tatar, mtundu wa anthu a ku Crimea kumpoto kwa Black Sea, ankalowa pa akavalo m'midzi ya ku Ukraine, kugwira anthu, kuwamanga zingwe, ulendo wa ku Kaffa. Mzindawu, womwe lero ndi Feodosia, unali m'manja mwa Aturuki kuchokera mu 1475, ndipo unali msika waukulu wa akapolo. Mwana wogwidwa kumunda ankakathera m'nyumba ya bwana ku Istanbul, bambo ake akupalasa ngalawa ya nkhondo ali pa unyolo.

A Cossack a ku Zaporozhia ankakhala pa zilumba kumunsi kwa mathithi a mtsinje wa Dnieper, ndipo chida chawo chenicheni linali bwato lotchedwa chaika. Ankasema thunthu la mtengo, n'kukweza m'mbali ndi matabwa mpaka bwatolo kutalika mamita pafupifupi 20. Kunja ankamangirirako mitolo ya bango kuti lisamire ngakhale madzi atadzaza. Chiwongolero chinali kutsogolo ndi kumbuyo komwe, choncho pothawa sankavutika kutembenuka. Beauplan, injiniya wa ku France yemwe anakhala kumeneko zaka zambiri, analemba kuti bwato limodzi linkanyamula amuna 50 mpaka 70, ndipo ankawoloka nyanjayo m'maola 36 mpaka 40. Akaona ngalawa ya Aturuki ankagwetsa mlongoti, n'kumaitsatira dzuwa lili kumsana kwawo, kudikira pakati pa usiku. Tangoganizani: amuna 60 ali zii m'bwato, nkhafi zokha zikulira.

Mu 1616, motsogozedwa ndi Petro Sahaidachny, analanda Kaffa n'kumasula akapolo ambirimbiri. Pamenepo palibe chotsutsa, ndipo ine ndikawerenga mtima umakhala m'malo.

Koma bambo, si ulendo uliwonse unali Kaffa. Mu 1614 anawotcha doko la Aturuki la Sinop, mu 1616 momwemo anafunkha doko lina la Trebizond, ndipo mu 1624 analowa mu Bosphorus, mpata wa nyanja wodutsa ku Istanbul, n'kutentha mudzi wa Yeniköy, pakhomo penipeni pa Sultan, mfumu ya Aturuki. M'madokomo munkakhala asodzi, amalonda, amayi ndi ana, ena mwa iwo Agiriki ndi Aarmeniya, Akhristu ngati a Cossack omwewo. Moto sunkafunsa kuti mumapemphera kuti. Nawonso a Cossack ankagwira anthu kuti alandirepo dipo, ndipo katundu wofunkhayo ndi amene ankadyetsa gulu lawo. Yankho langa n'lakuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindivomera kuti tiiwale msodzi wa ku Sinop chifukwa chokondwera ndi kapolo wa ku Kaffa.

Aturuki anagonjetsa a Cossack panyanja ku Kara Harman, kugombe la dziko lomwe lero ndi Romania, mu 1625. Mfumu ya Poland, yomwe a Cossack anali pansi pake, inatopa ndi madandaulo a Sultan ndi mantha a nkhondo, choncho mu 1635 a Poland anamanga linga la Kodak pa Dnieper kuti anthu ndi chakudya zisamafike kumathithi kuja. Chaka chomwecho a Cossack a Ivan Sulyma analigwetsa usiku, ndipo Sulyma anakaphedwa ku Warsaw.