Achimwene anga akutuluka kundende, kodi adzabwereranso?

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Achimwene ake akutuluka kundende yaikulu ya Zomba mwezi wamawa atagwira ukaidi zaka zitatu pa mlandu wothyola nyumba, ndipo akufunsa ngati pali njira yodziwiratu kuti adzapalamulanso.

Mayi, njira ilipo ndithu, koma si ula.

Akatswiri a ku Canada, Don Andrews ndi James Bonta, anapeza zinthu zinayi zimene zimabweza munthu kundende kuposa zina: mbiri ya milandu yake, mtima wapachala, anzake oyenda nawo, ndi mmene amakuonera kuphwanya malamulo. Mbiri simungaifufute. Koma maganizo amasintha, n'chifukwa chake akatswiri amalimbikira kuwayeza.

Amayeza ndi mafunso a papepala. Glenn Walters wa ku America anafalitsa otchedwa PICTS mu 1995, mafunso ake 80. Ine amandigwira mtima ndi a MCAA, a Jeremy Mills ndi Daryl Kroner, chifukwa cha poyambira pake: mkaidi amayamba waganizira anthu anayi amene amacheza nawo kwambiri, n'kunena ngati anapalamulapo. Kenako amavomera kapena kukana ziganizo zokhudza ndewu ndi kudziona woyenera kutenga chilichonse chomwe wafuna.

Opeza malikisi okwera, osonyeza maganizo aupandu, amabwerera kundende mochuluka kuposa anzawo, koma zimenezo ndi za gulu. Za achimwene anu paokha pepalalo silingalumbire. Komanso wofuna kutuluka amadziwa yankho lokondweretsa bwana, ndipo mafunsowa anawakonzera akaidi a kunja, m'Chingerezi, osati a ku Mikuyu kapena ku Domasi.

Inu muli ndi chimene pepala lilibe, makutu a pakhomo. Mu 1957 akatswiri ena, Gresham Sykes ndi David Matza, analongosola zifukwa zomwe olakwa amadzitonthoza nazo, ndipo mukazimva muzizindikira msanga. Mwininyumbayo ndi wolemera, sanamve kuwawa. Unali mowa. Apolisi nawonso amaba. Masabata akamapita achimwene akuyankhulabe chonchi, pamenepo mpoyenera kuda nkhawa. Musawakalipire, afunseni modekha za munthu amene anamuthyolera nyumba uja, mumve ngati amamutchula monga munthu.

Sabata yoyamba muonetsetsenso amene azibwera kudzawazonda. Akakhala omwe aja ankayenda nawo usiku, apezereni ganyu msanga, kaya kwa kalipentala kaya kumsika, yoti azichoka m'mawa n'kubwera madzulo atatopa.