Nyanja inagawikana kalekale, nanga lero timaikumbukiranji?

Mayi wina wa Mvano wandilembera imelo, ndipo ndiifupikitsa chonchi. Amuna awo anachotsedwa ntchito chaka chatha, mwana wawo wa fomu 3 ali pakhomo chifukwa cha fizi, koma Lamulungu lililonse kutchalitchi nkhani ndi ya Nyanja Yofiira, malinga a Yeriko ndi Danieli m'dzenje la mikango. Funso lawo ndi ili: "Izi zinachitikira Aisraeli zaka zikwi zapitazo, timazibwerezeranji? Ine zimangondiwawitsa mtima, chifukwa kwa iwo Mulungu ankachita zooneka ndi maso, pamene kwa ine kuli zii."

Mayi, funso lanuli lili kale m'Baibulomo, ndipo analifunsa ndi Gideoni. Pa Oweruza 6 tikumupeza akupuntha tirigu m'malo opondera mphesa, mobisala, kuopa Amidiyani amene kwa zaka 7 ankabwera kudzaseseratu zokolola ndi ziweto. Mngelo atamuuza kuti Yehova ali naye, Gideoni sanavomere msanga. Anafunsa kuti ngati Yehova ali nafe, zonsezi zatigwera bwanji, ndipo zozizwitsa zija makolo athu ankatisimbira zili kuti? Sanadzudzulidwe chifukwa chofunsa motero.

Tikamawerenga Baibulo timatsegula masamba mofulumira, ndiye zimaoneka ngati zozizwitsa zinkachitika m'mawa ndi madzulo. Sizinali choncho. Zambiri zaunjikana pa nthawi zitatu: ya Mose ndi Yoswa, ya Eliya ndi Elisa, ndi ya Yesu ndi atumwi. Pakatipo pali mibadwo yochuluka imene inabadwa, kulima, kukwatira ndi kufa osaona nyanja ikugawikana. Pa 1 Mafumu 6:1 akuwerengera zaka 480 kuchokera potuluka m'Igupto kufika pamene Solomoni anayamba kumanga kachisi. Ambiri mwa anthu a zaka zimenezo anali ngati inu ndi ine, ongomva.

Ndipo malamulo okhudza kukumbukira anaikidwa poganizira anthu ongomvawo. Pa Eksodo 12:26, Deuteronomo 6:20 ndi Yoswa 4:21 mupeza mwana akufunsa kholo lake kuti zimenezi n'zachiyani. Miyala 12 imene anaitola pakati pa Yorodani n'kuiimika ku Giligala inali yodikira mdzukulu wodzabadwa mtsinjewo utabwerera kale mwakale, amene sadzaona china chilichonse koma mulu wa miyala. Komanso musawasirire kwambiri amene anaona ndi masowo. Atangoimba nyimbo yachipambano m'mbali mwa nyanja, anayenda masiku 3 n'kuyamba kudandaulira Mose za madzi owawa ku Mara, ndipo patangotha mwezi chitulukireni anali akulakalaka kale miphika ya nyama ya ku Igupto.

Tsono kukumbukirako ntchito yake n'chiyani? Mutsegule Salimo 77, chifukwa limanena ndendende zimene mwalembazi. Wolembayo ali maso usiku, manja ali m'mwamba, tulo sakutiona, ndipo pa vesi 3 akuti akakumbukira Mulungu amabuula. Kukumbukira kukumupweteka, monga mmene kukupwetekerani inu. Akufunsa mafunso amene ambiri a ife timaopa kuwatchula m'pemphero: kodi Ambuye watitaya mpaka kalekale, kodi waiwala chifundo? Kenako pa vesi 11 akuchita kudzikakamiza kubwerera ku ntchito zakale za Yehova, n'kufika mpaka pa nyanja ija, madzi akunjenjemera, mabingu akugunda, Mulungu akudutsa pakati pa nyanja mapazi ake osaoneka. Salimolo lathera pomwepo, pa Mose ndi Aaroni akutsogolera anthu. Silikutiuza kuti kutacha vuto la munthuyu linatha.

Mmene ndimaonera ine, anthuwa ankatenga mbiri ija ngati umboni popita kwa Mulungu. Zili ngati munthu wopita kubwalo la amfumu ndi nkhani ya munda, n'kunena kuti malowa agogo anu ndiwo anapatsa agogo anga, mboni zilipo. Pa Nehemiya 9 Alevi akuyala mbiri yonse kuyambira pa Abrahamu, Igupto, Sinai, mana ndi madzi otuluka m'thanthwe, ndipo pofika pa vesi 36 akunena mosabisa kuti lero ndife akapolo m'dziko lomwe munapatsa makolo athu. Ankalamulidwa ndi Aperisi nthawi imeneyo. Munthu wosadziwa zimene Mulungu anachita ndi zimene analonjeza alibe poyambira kumudandaulira chonchi.

Apa ndiyenera kunena za ulaliki umene wafala masiku ano, woti sabata ino isanathe Nyanja Yofiira yako igawikana, makamaka ukafesa mbewu, ndiko kuti ukapereka ndalama poyembekeza dalitso. Ine sindigwirizana nawo, ndipo ndikuganiza kuti ndiwo wakulitsa bala lanu. Aisraeli anayesapo kukakamiza Mulungu kuti abwereze zakale. Pa 1 Samueli 4, atagonja kwa Afilisti, anakatenga Bokosi la Chipangano ku Silo kuti liwapulumutse. Anafuula mpaka nthaka kugwedezeka, Afilisti nawo anachita mantha pokumbukira miliri imene inakantha Aigupto. Mapeto ake asilikali 30,000 a Israeli anafa, ana awiri a Eli anaphedwa, bokosilo linalandidwa. M'Chipangano Chatsopano namonso, Machitidwe 12 akusimba m'chaputala chimodzi za Yakobo wophedwa ndi lupanga ndi za Petro wotulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Onsewo anali atumwi a Ambuye mmodzi.

Mgonero wa Ambuye nawo uli m'njira yomweyi. Yesu anauyambitsa pa chakudya cha Paska, chikumbutso cha kutuluka m'Igupto, Aroma akulamulirabe dzikolo, iye mwini atatsala maola ochepa kuti apachikidwe. Paulo akuti tikamadya mkatewo ndi kumwera chikhocho timalalikira imfa ya Ambuye kufikira adzabwere (1 Akorinto 11:26). Chikumbutsocho anapatsira anthu amene akudikirabe.

Pali mbali ina imene siimveka kawirikawiri paguwa, koma ikukhudza mwana wanu wa fomu 3 uja mwachindunji. M'buku la Deuteronomo, mawu oti kumbukirani kuti munali akapolo ku Igupto kawirikawiri amabwera pamodzi ndi lamulo lokhudza mnzako wovutika. Werengani 24:17-22. Chovala cha mkazi wamasiye musachitenge chikole. Mukaiwala mtolo wa tirigu m'munda musaubwererenso. Mukakolola maolivi ndi mphesa musapitenso kachiwiri kukafunafuna zotsalira, khunkha limenelo ndi la mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Chifukwa chake chaperekedwa kawiri m'ndime yomweyo: munali akapolo. Ngakhale Sabata, pa 5:14-15, alimangirira pa Igupto, kuti wantchito wako naye apume monga iwe. Ndipo chenjezo loopsa la kuiwala, m'chaputala 8, likupita kwa munthu amene wadya n'kukhuta, wamanga nyumba yabwino, ziweto zaswana, n'kuyamba kunena kuti ndi mphamvu zanga.

Choncho mpingo ukamaimba za Nyanja Yofiira pamene mwana wa mkhristu wawo wakhala pakhomo teremu yonse popanda wofunsa, amene ali ndi vuto la kukumbukira si inu, mayi. Mwina ambiri sakudziwa n'komwe, chifukwa ife timabisa mavuto ndi chitenje chochapa bwino. Ndikupemphani kuti nkhani ya fiziyi mukaitule kwa amayi a Mvano anzanu ndi kwa akulu a mpingo a dera lanu, mosachita manyazi, ndipo mutchule kuchuluka kwa ndalama zimene zikufunika teremu ino.