Musagule RAM ina, vuto ndi mmene mukuwerengera fayiloyo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe laputopu yanu ikuumira mukamawerenga fayilo yaikulu ya CSV (tebulo lolembedwa m'mizere ya mawu wamba) m'chinenero cholembera mapulogalamu cha Python, komanso ngati muwonjezere RAM (memory yomwe kompyuta imagwirira ntchito). Ndalamazo zisungeni kaye. Chikukuvutani ndi readlines() mwalemba mu pulogalamu yanuyo. Imeneyo imanyamula mizere yonse nthawi imodzi n'kuiunjika mu list, ndipo mizere ikalowa mu memory imadya malo ambiri kuposa omwe imadya pa disiki.

M'malo mwake, ingolembani loop iyi: for mzere in fayilo. Fayilo yotsegulidwa ndi open() ndi iterator kale: imakupatsani mzere umodzi, n'kudikira mpaka mutapempha wina. Zili ngati kutunga pa mpopi ndi kapu mukamva ludzu, m'malo modzaza mgolo wonse. Lazy evaluation ndi imeneyo basi, ntchito siigwiridwa mpaka wina ataifuna.

Ngati mukuphatikiza manambala, mwachitsanzo a pa malo achinayi mu mzere uliwonse (m[3]), lembani chonchi:

sum(float(m[3]) for m in csv.reader(fayilo))

Onani kuti mkati mwa sum mulibe list. Imeneyo ndi generator, imatulutsa nambala imodzi imodzi, ndipo memory siikwera ngakhale fayilo ikule bwanji. Ma generator olembedwa ndi liwu la yield analowa mu Python 2.2 chaka cha 2001, ndipo mu Python 3 map, filter ndi zip nazonso zimagwira choncho. Mukafuna kungoona mizere khumi yoyamba, itertools.islice imaima pomwepo osakhudza yotsalayo.

Koma chenjerani, pakuti apa ndi pomwe ambiri amagwera. Generator imayenda kamodzi kokha. Mukaiyendetsanso mu loop yachiwiri siikupatsani error, imangokhala chete ngati mulibe kanthu, inu n'kumakanda mutu kuti zotsatira zapita kuti. Kwa ine chimenechi n'choopsa kuposa kuuma kwa kompyuta, chifukwa pulogalamu imatha bwinobwino ndi yankho labodza. Chinanso, mukapanga generator mkati mwa with open (yomwe imatsegula fayilo n'kuitseka yokha mukatulukamo) koma n'kuigwiritsa ntchito kunja kwake, fayilo imakhala itatsekedwa kale ndipo mulandira ValueError. Kumbukirani kuti pomwe munaipanga inali isanawerenge kalikonse.

Komanso list() ndi sorted() zimameza zonse, ndiye mukaziika pakati mwabwerera pomwe munayambira. Ngati mumagwiritsa ntchito pandas, chida cha Python chogwirira ntchito ndi matebulo, ikani chunksize mu read_csv kuti izikupatsani fayiloyo m'zidutswazidutswa, mwina mizere 100,000 pa nthawi.