Afunseni Azakhali: Akuti ndikachira anditseke

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Agogo anga anachokera ku Dedza. Panopa ndili ndi pathupi pa miyezi isanu. Kusikelo anandipeza ndi kachirombo ka HIV ndipo ndinayamba kumwa ma ARV. Bambo a kunyumba atapeza botolo la mankhwala m'chikwama changa, anandimenya mpaka diso kutupa, ati ndine ndabweretsa matenda m'nyumba, pomwe iwo akukana kukayezetsa. Apongozi akuti ndikachira madokotala anditseke, chifukwa wa kachirombo sayenera kubereka. Ankhoswe akungoti ndipirire. Nditani?

Mayi wa ku Mufakose

Mwana wanga, kalata yako yandiwawa mumtima. Ndiyambe ndi diso lotupalo, chifukwa munthu womenya mayi woyembekezera akumenya anthu awiri. Kuno ku Zimbabwe lamulo loletsa nkhanza za m'banja linayamba kugwira ntchito mu 2007. Pita kupolisi, ukafunse ofesi ya Victim Friendly Unit, yothandiza ochitidwa nkhanza, ukalembetse nkhaniyi, ndipo kuchipatala akalembe za diso limenelo chizindikiro chisanafufutike. Khoti la majisitireti lingakupatse protection order, chikalata choletsa bamboyo kukukhudzanso kapena kukuopseza. Usiku ukadzaona kuti zavuta, a bungwe la Musasa ali ndi nyumba zobisalamo amayi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timanjenjemera ndi polisi chifukwa cha nkhani ya ziphaso za makolo athu, koma lamuloli silifunsa kumene agogo ako anachokera.

Za kutseka, mvetsa bwino. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 52, amati nkhani ya kubereka ndi ya mwini thupi. Apongozi alibe mawu pamenepa, bamboyo alibe, ngakhale dokotala sangakutseke iwe usanavomere. Ku Namibia amayi atatu okhala ndi kachirombo anatsekedwa atasainitsidwa mapepala ali pa ululu wa kubereka, ndipo mu 2014 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti kumeneko sikunali kuvomera. N'chifukwa chake ndikuti uwauze anamwino tsopano, ululu wa kubereka usanayambe, kuti sukufuna kutsekedwa, alembe m'khadi lako la sikelo. Tsiku lochira usasaine pepala lomwe sunalimvetse. Ukadzafuna wekha kupumula, njira zilipo, jakisoni, lupu, ya pamkono, ndipo zimenezi munthu amatha kusiya. Kutseka ndi kwa moyo wonse.

Apongozi akuyankhula za kale, nthawi ija tinkaika maliro sabata ndi sabata. Mayi akapanda mankhwala, mwa ana 100 alionse, 15 mpaka 45 amatha kutenga kachirombo. Akamamwa ma ARV mokhulupirika pa nthawi ya pathupi ndi yoyamwitsa, amatsika osafika 5. Njira yoyambitsa mayi aliyense woyembekezera mankhwala a moyo wonse inayambira kwathu ku Malawi mu 2011, ndipo Zimbabwe inatsatira mu 2013. Choncho usadumphitse tsiku ngakhale limodzi. Ngati botolo likuputa ndewu, kasungitse kwa mchemwali kapena mnzako wodalirika wapafupi, uzikamwera komweko.

Kupezeka nako poyamba sikusonyeza kuti ndiwe unakabweretsa. Amayi timayezedwa kusikelo, abambo ambiri amangokhala osadziwa. Akadzakuopseza kuti akumangitsa, dziwa kuti ndime 79 ya lamulo la milandu ya upandu, yomwe inkamangitsa anthu pa mlandu wopatsirana kachirombo, inachotsedwa mu 2022.

Ankhoswe ndimawalemekeza, inenso ndakhalapo pa mphasa yoweruza mabanja. Kupirira timanena pa umphawi, pa ndiwo zosowa, pa mkwiyo wa pakamwa. Ukabwererenso kwa iwo ndi mtsibweni wako, ukawauze kuti zokambirana zidzayamba bamboyo akakayezetsa ndi kusiya kukweza dzanja. Pakadali pano longedza khadi la sikelo, mankhwala a mwezi wathunthu ndi zikalata za kubadwa za ana m'kachikwama kamodzi, ukasiye kwa mchemwali wako lero lomwe.

Azakhali