Shakespeare ameneyu tikumuphunziriranji?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa Fomu 4 wanyanyala kuwerenga Macbeth, akuti alibe naye ntchito mzungu amene anafa kalekale. Akufunsa kuti amuyankhe chiyani.

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa mwana wanuyo ndikumumvetsa. Ife tili kusekondale, aphunzitsi ankadzaza bolodi ndi manotsi, ife n'kumakopera, madzulo n'kumaloweza. Buku tinkalimbirana limodzi pagulu, masamba ena atathothoka. Palibe anatiuza kuti chimene tagwiracho ndi sewero, loyenera kuimirira nalo pamaso pa anthu. Ndinadzadziwa tsiku limene a kalabu ya zisudzo anasewera chigawo chija Lady Macbeth akuyenda ali mtulo. Mtsikana amene anatenga mbaliyo anafunda chitenje, atanyamula kandulo, akupukuta m'manja magazi amene sitinkawaona. Holo yonse inangoti zii. Ngakhale anyamata aphokoso akumbuyo aja anasiya kukuwiza.

Ndiye ndinene mosapsatira: ana athu sadana ndi Shakespeare, amadana ndi manotsi. Ndipo zoti munthuyu ndi wa azungu okha ndimazikana kwamtuwagalu. Inde, anabadwira ku Stratford-upon-Avon mu 1564, n'kumwalira mu 1616, ndipo kuno anabwera ndi sukulu za atsamunda. Koma onani amene anamutola. Sol Plaatje, mmodzi mwa oyambitsa chipani chimene chinadzakhala ANC, anamasulira The Comedy of Errors m'Chitswana, n'kutuluka mu 1930. Julius Nyerere, ali pampando wa utsogoleri, anatulutsa Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963. Munthu wotanganidwa ndi dziko latsopano angataye nthawi pa chinthu chopanda pake?

Nkhani ya kundende ya Robben Island ku South Africa ndiye imandigwira mtima. Mkaidi wina, Sonny Venkatrathnam, anali ndi buku la masewero onse a Shakespeare, atamata zithunzi zachihindu pachikuto kuti alonda aziliona ngati lachipembedzo. Anzake ankasankha ndime n'kusainapo. Nelson Mandela anasaina pa 16 Disembala 1977, pa mawu a Caesar onena kuti amantha amafa kambirimbiri imfa yeniyeni isanawafike.

Komanso Macbeth mwana wanu akumukanayo tikanamutaya. Mu 1623 anzake awiri a Shakespeare, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa masewero 36 m'buku limodzi, ndipo theka lake anali asanasindikizidwepo, Macbeth ali momwemo. Macbeth ndi nkhani ya msilikali wakupha mfumu chifukwa cholakalaka mpando, kenako akupha mnzake, kenako mkazi ndi ana a mdani wake. Ndani mu Africa muno angati nkhani imeneyi ndi yachilendo?

Nanga muchite chiyani?

Musamukalipire. Aitane anzake, agawane mbali, awerenge mokweza ataimirira, chigawo chilichonse akatha achifotokoze m'Chichewa. Manotsi adzabwere pambuyo, mayeso akayandikira.