Mwagula Velvia kuti mukajambule agogo? Dikirani kaye

Wina wandilembera imelo kuti akufuna kujambula agogo ake ndi kamera ya filimu, ndipo wagula kale filimu ya Velvia 50 chifukwa anaona zithunzi za mapiri zomwe zinamugwira mtima. Akufunsa ngati wachita bwino. Achimwene, nditawerenga ndinakhala duu kwa kanthawi, chifukwa ndi zomwe ndinachita ine ndi mayi anga.

Ndinali nditangoyamba kumene, koma ndikudzimva ukatswiri. Mayi anakhala pakhomo atavala bulauzi yoyera, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Ndinajambula zithunzi zonse 36 za m'filimuyo, osasiyako. Zitatsukidwa, bulauzi inali mbee, masamba obiriwira mochita kuwawa m'maso, koma nkhope yawo bii, maso okha akuoneka. Anaseka n'kundifunsa ngati ndinawajambula usiku. Chaka chotsatira anatisiya, ndipo zithunzi zawo zomaliza zomwe ndili nazo ndi zomwezo.

Wolakwa ndinali ine. Velvia, yomwe Fujifilm inatulutsa mu 1990, ndi ya silaidi, filimu yomwe ikatsukidwa imatuluka ndi mitundu yeniyeni osati negetivu, ndipo silaidi sikhululuka. Ukaphonya kuwala pang'ono chabe, powala pamapsa, pamthunzi pamafa. Imakolezanso mitundu, n'chifukwa chake imakoma pa phiri ndi pa dzuwa likamalowa, koma khungu la munthu imalifiiritsa. Ndinene mosabisa: amene amalangiza woyamba kumene kuti ajambule nkhope ndi silaidi samufunira zabwino.

Pali china chomwe chimandiwawabe. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya mafilimu ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi yotchedwa Shirley, ya mkazi wa khungu loyera, kuti azilinganizira mitundu. Khungu lakuda silinali m'maganizo awo. Omwe anadandaula n'kumveka anali opanga chokoleti ndi mipando ya matabwa, poti katundu wawo wabulauni sankaoneka bwino pa zithunzi. Chokoleti, inu! Mita yoyezera kuwala ya mu kamera nayo ili ndi khalidwe lake: ikaona malaya oyera kapena thambo lowala imachepetsa kuwala, nkhope n'kumira. Ndi zomwe zinawachitikira mayi.



Nanga mugule iti?

Negetivu ya mitundu, yotsukidwa ndi mankhwala otchedwa C-41. Filimu ya Portra 400 inapangidwira khungu, ndipo mukaipatsa kuwala kowirikiza kawiri siidandaula. Pa kamera ikani ISO, nambala youza kamera kuwala komwe filimu ikufuna, pa 200 m'malo mwa 400, muyeze kuwala pa tsaya lawo, osati pa malaya. Akhazikeni pamthunzi kapena pafupi ndi windo, kuwala kuwamenye cham'mbali. Ngati mukufuna makwinya aoneke bwino, tengani ya black and white, Tri-X kapena HP5 Plus. Filimu ya Ektar 100 isiyeni, nayonso imafiiritsa. Velvia yanuyo ikani mu firiji idikire tsiku la phiri.