Alamu, ndalama ija musatumize kaye

Eee, alamu, mwaswera bwanji ku Nkhotakota kumeneko? Achemwali ndi ana ali bwanji? Ife kuno ku Salima tilipo, koma dzuwa lake, iii, ngati munthu wakuyatsira mbaula pamutu. Pepani ndachedwa kuyankha, m'mawa wonse ndinali ndi ana a sukulu odzasindikiza mapepala. Funso lanu ndaliona pagulupu pano, ndipo ndaonanso kuti amalume aika kale kachala kovomereza, pomwe SSD, disiki yatsopano yosungira mafayilo mu kompyuta, sanaionepo ndi maso. Amalume, moni, ndikudziwa mukumvetsera.

Ndiye mwati mnyamata wa ku Lilongwe uja wakuuzani kuti laputopu yanu ikuchedwa chifukwa cha hadi disiki, ndipo wakuikirani SSD ziwiri kuti musankhe, ina SSD wamba, ina Samsung 990 Pro imene mtengo wake watsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mukufuna kudziwa ngati yodulayo ikuyenera ndalama zake pa ntchito yanu ya mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Alamu, ndalama ija musatumize kaye. Mundimvere mpaka kumapeto, ikhala yaitali pang'ono, ngati bando yachepa mudzatsitse usiku.

Mnyamatayo sananame zonse ayi. Laputopu ija ndinaigwira pa Khirisimasi pamene tinkafuna kuonetsa agogo vidiyo ya chinkhoswe, mukukumbuka tinadikira mpaka tiyi anazizira. Muli hadi disiki yakale m'menemo. Mkati mwake mumakhala kambale kozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono koyenda uku ndi uku kufunafuna pamene fayilo yagona. Ikalimbika kwambiri imawerenga ma MB 100 kapena kupitirira pang'ono pa sekondi, ndipo mafayilo akakhala ang'onoang'ono ambirimbiri ndiye imachita kukwawa. SSD ilibe chozungulira chilichonse, ndi timatchipu basi, abale ake a fulashi. Ndiye kuchotsa hadi disiki n'kuika SSD, iliyonse bola yeniyeni, pamenepo mudzadabwa, mudzayesa mwagula makina atsopano. Ndalama ya pamenepo sindikukuletsani, ndi yoyenera.

Nkhani ili pa kusiyana kwa SSD ndi SSD inzake. Zilipo za mtundu wa SATA, zooneka ngati kabokosi kaphanthiphanthi, zimathera pa ma MB 550 pa sekondi, sizingadutse apo chifukwa polumikizira pake ndi pomwe pamalekezera. Ndiye pali zazitali ngati chala, za M.2, zimene amati NVMe. Zimenezi zili ndi mibadwo yake, amati Gen: za Gen 3 zimafika cha m'ma MB 3,500 pa sekondi. Za Gen 4 cha m'ma 7,000, ndipo 990 Pro yanuyo pabokosi analembapo 7,450. Panopa kwabweranso za Gen 5 zodutsa 14,000. Wogulitsa akamakuwerengerani manambala amenewa mtima umadumpha ndithu.

Koma purosesa ya laputopu yanu, ubongo wake uja, ndi Intel i5 ya 8th gen, eti? Malaputopu a Intel anayamba kufika pa liwiro la Gen 4 ndi mapurosesa a 11th gen, cha mu 2020. Yanu imathera pa Gen 3. Mukaikamo 990 Pro igwira ntchito bwinobwino, siikana, koma iyenda pa 3,500, theka la zimene mwalipira. Zili ngati kutenga injini ya Yamaha yaikulu ija ya maboti a usipa n'kuimangirira pa bwato losema. Injini ndi yabwino, palibe akukana, koma bwato lili ndi pomwe limalekezera. Ndipo ndikunena choncho poganiza kuti muli kampata ka M.2 mkatimo. Malaputopu ena a kaunjika alibe n'komwe, ena kampata kalipo koma kamalandira za SATA zokha. Mnyamata uja wakufunsani modelo yake? Ngati sanafunse, ndiye mudziwe kuti akugulitsa chimene chili pa shelefu yake, osati chimene makina anu akufuna.

Tsono tiyerekeze kuti laputopu ikanakhala yatsopano, yolandira liwiro lonselo. Tiyeni tione ntchito yanu mmene imayendera. Mwabwera ku ukwati ku Dwangwa, khadi ya kamera yadzadza, ya 64 GB. Makhadi ambiri amene timagula kunoku amawerengeka pa ma MB 90 kapena 100 pa sekondi, osapitirira. Ndiye kukopera khadi yonseyo ndi mphindi 12 kapena apo, kaya mbali inayo kuli SSD yotchipa, kaya kuli ya mtengo wa mbuzi zingapo. Ochedwetsa ndi khadi. Ndipo ngati mukugwiritsabe ntchito kowerengera makhadi kaja ka USB 2.0 kamene ndinakaona, ndiye simukufika ngakhale pa 40, kasintheni kameneko kaye, ndi kotchipa.

Tsono pokonza vidiyo. Makamera ambiri akamajambula 4K amalemba pa 100 megabits pa sekondi. Mugawe ndi 8 kuti zisanduke ma MB, zikhala ma MB 12 ndi theka. Mwamva? 12 ndi theka basi. SSD ya SATA, yotsikitsitsa ija, imatha kupereka kuposa pamenepo maulendo 40. Ndiye vidiyo ikamadukaduka mukuidula mu pulogalamu ya Premiere, kapena pomaliza mukuitulutsa ikumatenga usiku wonse, disiki imakhala itangokhala pansi ikudikira. Amene akutuluka thukuta ndi purosesa, RAM (memori imene kompyuta imagwirira ntchito), ndi khadi ya zithunzi. Inu RAM yanu ndi 8 GB. Pa ntchito ya mavidiyo imeneyo ndi nsima ya mwana. Ndalama imene mukanawonjezera pa 990 Pro, mukaiika pa RAM kuti ifike 16 GB, kusintha kwake mudzakuona ndi maso tsiku lomwelo.

Komabe ndisanamizire zodulazi kuti ndi zachinyengo, ayi. Pali zimene munthu amagula ndi ndalama yowonjezerayo, kungoti sizimene amalemba ndi zilembo zazikulu pabokosi.

Mukudziwa kuchigayo, ukathira ndowa yoyamba ya chimanga pamwamba paja imalowa kamodzi, khuthu, ngati chigayo chameza. Koma ukabwera ndi matumba asanu, pamwamba paja padzadza, ndipo kuyambira apo uzithira motsatira mmene chigayo chikugayira. SSD nayo ili ndi kamalo kotero kolandirira msanga, amati cache. Manambala a pabokosi aja ndi a nthawi imene kamaloka kasanadzadze. Kakadzadza, mpamene umadziwa SSD yeniyeni. Zotchipa zambiri zimakhala ndi matchipu a QLC, amene amapanikiza ma bit 4, tizidutswa ta fayilo, m'kachipinda kamodzi, ndipo ukazikopera fayilo yaikulu kwambiri liwiro limagwa mpaka kufanana ndi hadi disiki yakale ija. Za TLC, ma bit 3, zimapirira bwino. Zodula zimakhalanso ndi kamemori kake padera, DRAM, kosungira mapu a pomwe chilichonse chili. Ndiye kwa munthu amene tsiku lililonse akusuntha ma GB mazanamazana, makamera atatu anayi, pa kompyuta yaikulu yatsopano, ameneyo yodula imamubwezera ndalama yake. Inu, alamu, ndi kamera imodzi ndi ukwati umodzi pa Loweruka, mwina awiri nyengo ikakhala yabwino anthu atagulitsa mpunga.

Dikirani pang'ono, kwabwera munthu... Eya, fotokope ndi mbali inayo, mayi, mnyamatayo akuthandizani.

Eee, ndabwerera. Ndinali pati? Za kutha. Anthu amaopseza kuti SSD yotchipa imatha msanga chifukwa matchipu ali ndi malire a kulembedwa. Malirewo alipodi, amalemba kuti TBW, kutanthauza ma TB onse amene kampani ikulonjeza kuti mungalembemo (TB imodzi ndi ma GB 1,000). Samsung 990 Pro ya 1 TB analemba 600 TBW, waranti zaka 5. Koma tamverani, Samsung 870 EVO ya 1 TB, ya SATA, yotsika mtengo, nayonso 600 TBW, zaka 5. Chimodzimodzi. Ndipo 600 imeneyo, mutamalemba ma GB 100 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe osapuma, zingakutengereni zaka 16. Laputopu idzakhala itapita kalekale, ana akuseweretsa kiyibodi yake pabwalo.

Warantiyonso tiziyiona ndi maso a kwathu kuno. Zaka 5 ndi za kampani kunja uko. Ikafa chaka chachitatu, ndani aitumize, ndipo pa ndalama zanji, ndi mmene dola ikuvutira chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023? Waranti yanu yeniyeni ndi imene wogulitsayo walemba pa lisiti ndi kudinda chidindo. Mumufunse miyezi ingati, ndipo alembe, zapakamwa ayi.

Chinanso ndi kutentha. Zothamanga kwambirizi zimatentha, mwakuti za Gen 5 zambiri zimafuna kachitsulo koziziritsira pamwamba. Zikafika cha m'madigiri 70 kupita mtsogolo zimadzichepetsa zokha liwiro kuti zisapse. Ndiye taganizani Okutobala wa kunyanja kuno, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, laputopu ili pa bedi pamwamba pa bulangete monga mumachitira inu. Achemwali, mboni ndinu. Choyamba ichotseni pa bedipo, muziika pa tebulo, ndipo fani yake ipukutidwe fumbi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mtengo, ndi feki. Dzina likatchuka ndi pomwe achinyengo amathamangira, ndipo ma Samsung abodza alipo, sitika yake yokongola bwino. Mwezi wathawu kunabwera aphunzitsi ena kuno kushopu ndi SSD yakunja yolembedwa 2 TB, anaigula pa mtengo woti munthu ukanaima kaye n'kudzifunsa. Kompyuta ikuonetsadi 2 TB. Anasungamo mayeso, zithunzi, zonse. Tsiku lofuna kutsegula, mayina a mafayilo alipo, koma mkati mulibe kanthu. Titaitsegula tinapezamo kamemori khadi kakang'ono komatidwa ndi guluu, ndi kachitsulo koti izilemera m'manja. Mayi aja anakhala pa benchi apo nthawi yaitali osayankhula. Ndiye iliyonse imene mugule, isanalowe ntchito ndiiyese kaye. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamadzadza disiki yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati malowo alipodi. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene yagwira kale ntchito, chifukwa ena amagulitsa yakale m'bokosi latsopano. Ikakhala Samsung, pulogalamu yawo ya Magician imathandizanso kuzindikira ngati ili yawodi.

Ndipo ichi ndiye mumvetsetse, chifukwa chikukhudza mbiri yanu. Hadi disiki ikamafa nthawi zambiri imadwala kaye, imalira tiki tiki, umakhala ndi mpata wopulumutsa zina. SSD imatha kungogona lero osadzukanso, yodula ndi yotchipa yomwe, ndipo kutulutsamo zinthu ikafa n'kovuta zedi. Ngakhale fayilo imene mwafufuta mwangozi, pa SSD kawirikawiri siibwerera, chifukwa imasesa yokha malo amene mwafufutawo. Tsono ukwati sabwereza, alamu. Simungapite kwa ankhoswe kukati pepani, akwati avalenso, pelekanipelekani tiyambirenso. Pa ndalama yomweyo ya 990 Pro, mupatulepo ya hadi disiki yakunja, yakale yozungulira yomweyo, 1 TB kapena 2 TB, yongosungiramo. Mukafika kunyumba kopelani kawiri, mu laputopu ndi m'menemo, ndipo khadi musaifufute mpaka eni ake atalandira vidiyo yawo. Magetsi akamazimazima laputopu imatetezedwa ndi batire, koma yanu ija batire yake imagwira mphindi zingati? Tiionenso imeneyo, chifukwa kuzima pakati pa kulemba palibe disiki imene imakondwera nako.

Ndiye tichite chonchi. Tembenuzani laputopu, mujambule kasitika ka pansi pamene pali modelo, mutumize pano. Ndikaona, ndikuuzani ngati ikulandira NVMe kapena SATA yokha. Ikakhala NVMe, tifunefune yapakatikati ya dzina lodziwika, ya TLC, ngati Samsung 970 EVO Plus ikapezeka, kapena WD Blue, bola ikhale ya NVMe ndi TLC. Ikakhala SATA, 870 EVO kapena Crucial MX500. Kukula kwake 1 TB, musatsike pa 500 GB chifukwa ola limodzi la 4K ija limadya ma GB 45, ndipo SSD ikadzadza mpaka pakhosi imayamba ulesi. Kuli bwino 1 TB yapakati kusiyana ndi 500 GB yonyadira.

Za mphwanga amene walemba kuti iye akufuna ya PlayStation 5, eya, iwe nkhani yako ndi ina, makina amenewo amafuna Gen 4 ndipo Sony imalimbikitsa ya ma MB 5,500 pa sekondi kupita pamwamba. Koma uyambe wapeza PlayStation yakeyo, ndiponso mayeso ukhoze.

Alamu, Loweruka ngati mulibe ukwati kwerani minibasi mubwere nayo laputopuyo, mutsikire pa Kamuzu Road, mundiimbire. Kuika ndi kusamutsa Windows ndichita ine, simulipira. Kungoti podutsa pa Chia paja musangoyang'ana pawindo, tachambo tiwiri titatu, ndipo mayi a kunyumba kuno akuti mpunga uja munalonjeza sanaiwale. Chabwino, batire ya foni yafiira, tumizani chithunzicho.